Mwana wobwera kudzalera ana ku Joni: mmene tinamulowetsera sukulu

Ndikulemba izi chifukwa cha inu amayi anzanga amene mumandikokera pambali tikatuluka m'tchalitchi, n'kundifunsa monong'ona kuti, "Paja mtsikana uja munamulowetsa bwanji sukulu wopanda mapepala?" Aliyense amayamba ndi kunena kuti akufunsira mnzake. Chabwino, mukamuuze mnzanuyo zimene ndilembe pano.

Ine ndimakhala ku Rosettenville, kummwera kwa Johannesburg, ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Payadi pathu pali zipinda zakuseri zingapo, mokhala Amalawi, a ku Zimbabwe ndi banja limodzi la ku Mozambique. Mpopi ndi umodzi, chingwe choyanikapo zovala ndi chimodzi, ndiye palibe amene angabise kanthu nthawi yaitali. Banja lina la kwathu, mwamuna wolondera usiku ndi mkazi womanga tsitsi m'tauni, linali ndi khanda komanso mwana wa zaka zitatu. Tsiku lina tinangoona pafika kamtsikana kuchokera ku Machinga, kabwera ndi transipota kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. "Ndi mwana wa achemwali anga," anatero mayi wapanyumbapo, "wabwera kudzaphunzira kuno." Tonse tinati zikomo, mwachita bwino.

Januwale anadutsa, ana a payadi anavala yunifolomu, iye ayi. Isitala inadutsa. Ndikamadzuka mbandakucha kuthamangira takisi, ndinkamupeza ali kale pampopi akuchapa matewera m'madzi ozizira aja a mwezi wa Juni, amene amaluma zala ngakhale za munthu wamkulu. Ndikamabwera madzulo, khanda lili kumsana, mphika uli pamoto, winayo akumukoka siketi. Kunja kwa geti sankatuluka, anamuuza kuti akangotuluka apolisi amutola. Anali ndi zaka 13 ndipo kumudzi anasiyira Sitandade 6.

Chimene chinandigwira mtima sichinali kuchapako ayi. Ana athu tonse amachapa. Koma Loweruka lina anapempha mwana wanga kuti amubwereke kope la masamu, n'kukhala pakhonde akuwerengera masamu amene mwana wangayo analakwa, khanda lili pamiyendo. Mwana wanga anabwera m'nyumba n'kundifunsa kuti, "Amayi, bwanji uyu sapita kusukulu, pomwe masamu akundiposa?" Ndinalibe yankho loti n'kumuuza mwana.

Zoterezi ine sindinazimve pawailesi, ndinakuliramo. Bambo anga anali tenanti pa esiteti ya fodya ku Kasungu. Mwini esiteti ankalemba bambo okha, koma ntchito inkagwiridwa ndi banja lonse, chifukwa munthu mmodzi sangathe kuthirira nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola ndi kusoka fodya yekha. Nthawi yothyola tinkalowa m'munda mame asanakamuke. Pofika masana mutu waukulu, chizungulire, kusanza. Amayi ankati ndi malungo. Ndinadzamva ndili wamkulu kale kuti fodya wonyowa amalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu, ndipo mwana ndiye amamva msanga. Sukulu ndinasiyira Sitandade 5, osati chifukwa cha fizi, pajatu pulaimale inakhala yaulere mu 1994, koma chifukwa miyezi yofunika kwambiri m'kalasi ndinkakhala m'chigafa. Boma la Malawi linathetsa utenanti mwalamulo mu 2021, America itayamba kale kukaniza fodya wathu pamadoko ake mu 2019 chifukwa cha nkhani yogwiritsa anthu ntchito mokakamiza komanso ya ana. Kwa ine zinabwera mochedwa. Lero ndimakolopa m'nyumba za eni ake, ndipo ndikamasaina pepala dzanja limanjenjemera.

M'mwezi wa Meyi 2022 ku Durban kunachitika msonkhano waukulu wachisanu wa mayiko onse wokambirana zothetsa mchitidwe wogwiritsa ana ntchito, woyamba kuchitikira mu Africa. Pulezidenti Cyril Ramaphosa ndiye anautsegula, ndipo kunabweranso Kailash Satyarthi wa ku India, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa chopulumutsa ana ku ukapolo. Ndinkamvetsera pawailesi ndikusita zovala za abwana. Chiwerengero chimene ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, ndi UNICEF anali atatulutsa chinali ana 160 miliyoni ogwiritsidwa ntchito padziko lonse, pafupifupi theka la iwo pantchito zoika moyo pachiswe. Mu 2000 anali 246 miliyoni. Lipoti la 2025 linati atsikira pa 138 miliyoni, koma 87 miliyoni mwa amenewa ali kuno kwathu, kummwera kwa chipululu cha Sahara. Mayiko analonjezana kuti pofika 2025 mchitidwewu udzakhala utatheratu. Chakacho chinafika, lonjezo silinakwaniritsidwe. Kwathu ku Malawi kafukufuku wa boma wa 2015 anapeza kuti ana 38 mwa 100 alionse a zaka 5 mpaka 17 ali pantchito zoterezi.

Sindinyoza misonkhano. Pangano la ILO la nambala 182, la mu 1999, loletsa ntchito zoipitsitsa kwa ana, linavomerezedwa ndi mayiko onse a m'bungwelo pofika 2020, ndipo malamulo amene anatithandiza ife pano anachokera ku mapangano ngati amenewo. Koma oyendera malo a ntchito amapita kumafakitale ndi kumafamu. Sagogoda pachitseko cha chipinda chakuseri ku Rosettenville, momwe wolemba ntchito ndi mayi ake aang'ono a mwanayo. Mmenemo amene amaona ndi ife oyandikana nawo, ndipo ambiri timakhala chete poopa kutchedwa akazitape pakati pa Amalawi anzathu, m'dziko la eni momwe tonse timadalirana pamaliro ndi pamatenda.

Sindinapite ndekha kukalankhula ndi mayi uja. Ndinatenga amayi ena achikulire a Mvano, amene anamulangiza mayiyo pa ukwati wake, oti sangawatsekere chitseko. Tinasankha Lamlungu masana, mwamuna ali pomwepo, mtsikanayo titamutuma kukasewera ndi ana kuchipinda kwanga. Amayi aja anayamba ndi za kumudzi, za mvula, za mtengo wa feteleza, kenako n'kuti, "Mwananga, mwana uja munati wabwera kudzaphunzira. Yunifolomu mwagula ya mtundu wanji?"

Mayiyo anapsa mtima, ndipo zina zimene ananena zinali zoona. "Amayi, kumudzi mwana ameneyu ankagona ndi njala. Kuno akudya nkhuku, akugona pa matiresi. Ine ndi amene ndinalipira transipota. Kireshi ya ana awiri ndingaithe ine ndi ndalama ya tsitsi? Komanso mwana wamkazi asamaphunzire ntchito? M'mera mpoyamba, si inu nomwe mumatiuza?" Amayi achikulire aja anangoti, "Aphunzire ntchito, inde. Nanga wakoyu akadzafika zaka 13, udzamutulutsa sukulu kuti akalere ana a achemwali ako?" Panakhala bata. Mwamuna anangoyang'ana pansi.

Apa ndipamene anthu ambiri amasokonezeka. Palibe lamulo loletsa mwana kutsuka mbale, kusesa kapena kunyamula mng'ono wake akaweruka kusukulu. Chimene chimaletsedwa ndi ntchito yomulanda mwana sukulu, yomulemera msinkhu, kapena yomuvulaza. Ku South Africa lamulo la ntchito la 1997, Basic Conditions of Employment Act, pa gawo 43, limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 15, ndipo kutero ndi mlandu. Wa zaka 15 mpaka 17 angagwire, koma osati ntchito yoopsa kapena yomuonongera maphunziro ndi thanzi. Kwathu malire ndi zaka 14. Ndipo kunena kuti "ndi m'bale wanga" sikusintha kanthu ngati mwanayo akugwira kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, ndalama n'kumapita kwa wina.

Ine ndinawakumbutsanso za ku Village Deep, komwe sikutali ndi kwathu kuno. Mu Novembala 2019 apolisi ndi oyendera ntchito analowa m'fakitale ina yopanga thonje la m'mabulangete n'kupezamo Amalawi 91 otsekeredwa, 37 mwa iwo ana. Mlandu unatenga zaka, koma mu 2025 khoti lalikulu la Johannesburg linapeza nzika zisanu ndi ziwiri za ku China zolakwa, n'kuzilamula kukakhala kundende zaka 20 aliyense. Lamulo la dziko lino la 2013 loletsa kuzembetsa anthu limafika mpaka pa ndende ya moyo wonse. Sindinkawaopseza, ndipo sindikuti banjali linali ngati eni fakitale aja. Koma kutenga mwana kumudzi pomulonjeza sukulu, kumuwolotsa malire atatu wopanda pasipoti, n'kumutsekera payadi kuti azigwira ntchito, wapolisi akazilemba papepala zimaoneka moipa kuposa mmene eni ake amaziganizira. Mwamuna uja atamva zimenezo ndiye anayamba kufunsa kuti tsono tichite bwanji.

Kukalipa kokha sikukanathandiza, chifukwa vuto la mayiyo linali lenileni: ana ake awasiye ndi ndani? Payadi pomwepo panali mayi wina wa ku Nkhata Bay amene ntchito inali itamuthera. Tinagwirizana kuti azisunga ana aang'ono a payadi masana, makolo azimulipira pamwezi ndalama yocheperapo kusiyana ndi kireshi. Gulu lathu la chipereganyu linavomera kuti mayi watsitsi uja alandire msanga, asanafike pamzere wake, kuti apeze poyambira. Ngati mukufuna kuchotsa mwana pantchito, yambani mwaganizira amene adzagwire ntchitoyo. Mukapanda kutero, sabata isanathe mwana abwerera pampopi, kapena aitanitsa wina kumudzi.

Kenako kunali mayi ake omubereka. Tinawaimbira pa WhatsApp kudzera pafoni ya mphunzitsi wina wa m'mudzimo. Iwo ankadziwa kuti mwana ali pasukulu, chifukwa ndi zimene ankauzidwa, ndipo kandalama kamene kankabwera nthawi zina ankakatenga ngati chithandizo cha mng'ono wawo. Atamva zoona analira. Tinawafunsa kuti mwana abwerere kapena akhale. Anati bambo ake anamwalira, pakhomo palibe chakudya, ndipo amalume ena ayamba kale kunena za mwamuna woti amukwatire, ngakhale lamulo la Malawi likuti ukwati ndi kuyambira zaka 18. Tinamufunsanso mwini wake, payekha, popanda mayi ake aang'ono pafupi. Anati, "Ndikufuna sukulu, kulikonse." Maganizo anga ndi akuti ana ambiri otere zimawakhalira bwino kubwerera kwa makolo awo, wachibale wa kuno n'kumatumiza ndalama ya makope ndi yunifolomu, chifukwa Joni si malo a mwana wopanda mapepala. Koma uyu kubwerera kukanakhala kumupereka ku ukwati.

Tinaimba 116, nambala yaulere ya Childline. Ku Malawi nambala yothandiza ana ndi yomweyonso, 116, muwauze a kumudzi. Tinkaopa kuti tikaimba tibweretsa payadi a Home Affairs, oona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Amene anabwera anali mayi woona za chisamaliro cha anthu, ndipo mafunso ake onse anali okhudza mwana: amagona pati, amadya chiyani, alipo amene anamugwirapo thupi, akufuna kukhala ndi ndani. Gawo 28 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza mwana aliyense wosakwana zaka 18, silinena kuti nzika yokha, ndipo Children's Act ya 2005 imayendanso momwemo. Mayiyo analemba lipoti lake, nagwirizana ndi banjalo kuti mwana akhalebe pomwepo koma azibwera kudzamuona. Kalata yake inatithandiza kwambiri pambuyo pake. Ndinene mosabisa: mukaona zizindikiro zoti mwana akumenyedwa kapena kugwiriridwa, musayambe ndi amayi a Mvano kapena abusa. Imbani 116 kapena pitani kupolisi tsiku lomwelo.

Tsopano za sukulu, zimene mumafunsa kwambiri. Pasukulu yoyamba kalaliki sanatilole n'komwe kukhala pansi. Anati popanda setifiketi yobadwira ndi chilolezo chophunzirira m'dziko muno palibe chimene angachite. Mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu amene akuphunzira zamalamulo ndiye anatitsegula maso. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda, ku Eastern Cape, pa mlandu umene bungwe la Centre for Child Law linasumira unduna wa maphunziro, linagamula kuti mwana asakanizidwe kapena kuchotsedwa sukulu chifukwa chosowa mapepala, kaya ndi wa dziko lino kapena wobwera. Linati ngati palibe setifiketi, mphunzitsi wamkulu alandire umboni wina, monga kalata yolumbira ya kholo kapena womusunga mwanayo. Unduna unatumiza chikalata kusukulu zonse, Circular 1 of 2020, chowauza zomwezo. Mnyamatayo anatisindikizira chikalatacho. Chisindikizeni nanunso, muchinyamule m'manja, chifukwa makalaliki ena sachidziwa ndipo ena amachita ngati sachidziwa.

Kalata yolumbira ija, imene kuno amati afidaviti, imalembedwa kupolisi kwaulere, ndipo maloya nawonso amatha kuidinda. Imanena dzina la mwana, tsiku ndi malo obadwira, mayina a makolo, ndi chifukwa chimene akukhalira ndi inu. Musanamepo. Anthu ena amalemba kuti mwana ndi wawo womubereka pofuna kufupikitsa nkhani, ndipo bodza limenelo limadzamutsekera mwanayo njira akamadzafuna pasipoti. Ife tinaonjezapo chilichonse chimene chinali ndi dzina lake: chithunzi cha kabuku ka kusikelo, khadi la ubatizo, kalata ya ahedi a sukulu yake yakale yonena kalasi imene anasiyira, ndi kalata ya mayi wachisamaliro uja. Zonse za kumudzi zinabwera pa WhatsApp, ife n'kukasindikiza pa intaneti kafe.

Titabwerera, anatiuza kuti malo adzaza. Mwina zinali zoona, sukulu za ku Gauteng zimadzazadi. Tinapempha kuti atilembere papepala kuti atikaniza ndi chifukwa chake, ndipo tinapita nalo ku ofesi ya maphunziro ya dera lathu, chifukwa udindo wopezera mwana malo ndi wa boma, osati wa kholo lokha. Tinadikira, tinabwererako, ndinataya malipiro a masiku amene ndinajomba kuntchito, koma pamapeto anamupezera malo pasukulu ina yoyenda pansi kuchokera kwathu. Zikakanika pamenepo, ku Braamfontein kuli mabungwe a Lawyers for Human Rights ndi SECTION27 amene amagwira nkhani zamtunduwu. Kumbukiraninso kuti Giredi 1 ndi Giredi 8 ku Gauteng amalembetsa pa intaneti chaka chisanathe, pomwe makalasi enawo mumapita pasukulu pomwepo, komanso kuti chaka cha sukulu kuno chimayamba Januwale, osati Seputembala ngati kwathu.

Anamubweza kalasi imodzi chifukwa cha Chingelezi, ndipo Chiafirikanzi chinamuliza miyezi yoyamba. Masamu okha ndiye ankawaphunzitsa anzake. Za fizi musaope kufunsa: pasukulu ya boma yolipiritsa pali fomu yopempha kuti akuchotsereni kapena akuchepetsereni, ndipo sukulu siloledwa kuthamangitsa mwana kapena kumubisira lipoti chifukwa cha ngongole ya fizi. Yunifolomu tinagula yakaunjika kwa kholo lina.

Za anyamata ndinene mwachidule, poti kumeneko sindinaphule kanthu. Alipo a zaka 14, 15, amene mumawaona akutsuka magalimoto, akukoka matrole a zinyalala zogulitsa, kapena akugona m'mashopu momwe amagulitsa usana wonse. Mmodzi wa ku Mangochi ndinayesa kumulankhula. Anandiseka mwaulemu n'kuti, "Mayi, kwathu akudikira malata, sukulu indipatsa malata?" Mwezi wotsatira anali atasamukira ku Mayfair. Mnyamata amene wanyamuka yekha, ali ndi ngongole ya transipota pamutu, ndi wovuta kumubweza. Mpata umakhalapo asanakwere galimoto, ndipo amene angautseke ndi ife a kuno amene timatumiza zithunzi titavala bwino pa Nelson Mandela Square, osanena kuti timagona anthu angati m'chipinda chimodzi.

Ndiye inu a kumudzi, wachibale akakuimbirani kuti "nditumizireni mwana adzaphunzire kuno", mufunseni dzina la sukulu, mumuuze atumize chithunzi cha kalata yomulandira mwanayo, ndipo mufunse kuti ana ake aang'ono amasungidwa ndi ndani masana. Akayamba kuzungulira, mwadziwa chimene akufunira mwana wanu. Mwana akapita, muzilankhula naye yekha, osati foni ili m'manja mwa amene akumusunga.

Mayi ake aang'ono aja mpaka lero moni amandipatsa wa pakamwa pokha, ndipo kutchalitchi kuli ena amene amati ndinalowerera za banja la eni. Mtsikanayo akadali pasukulu, ndipo akaweruka amathandizabe pakhomo monga mwana aliyense. Chimene tikulimbana nacho tsopano ndi mapepala ake enieni, chifukwa afidaviti imamulowetsa m'kalasi koma simupatsa chilolezo chokhala m'dziko muno, ndipo akadzakwana zaka 18 chitetezo cha mwana chidzatha. Mayi ake ayamba kale kuyendera setifiketi yobadwira ku ofesi ya NRB, yoona za kalembera wa nzika, kuboma kwawo. Ikatuluka, tidzapita nayo ku ofesi ya kazembe wa Malawi kuno kukafunsa za pasipoti, ndipo gulu la chipereganyu lavomera kusunga ndalama ya mwezi wa Novembala kuti ikhale ya zimenezo.